Njinga ya a Mawotchi Yauma Kutsogolo

Njinga yamoto ya a Mawotchi inali yakale kuposa ana awo onse, ndipo tikanena mosabisa, inkasamalidwanso kuposa anawo. Dzina loti a Mawotchi linabwera ndi ntchito. Moyo wawo wonse anakhala pa kabenchi pakhonde la sitolo, kagalasi kali padiso, akutsegula mawotchi a anthu n'kumatola tizitsulo tating'ono ngati mchenga. Ntchitoyo anaisiya anthu atayamba kuonera nthawi pafoni, koma njinga sanaisiye. Inali yakuda, ya thanki yaikulu yamizere yasiliva, ndipo injini yake inkalira mwaulesi, du-du-du, ngati munthu wokhuta. Malemu akazi awo ankaitcha mkazi mnzawo. "Pitani mukamupukute mkazi mnzangayo, wagona ndi fumbi," ankatero, uku nawonso akumanga mpango kuti akwere kumbuyo.

Ndiye tsiku lina m'mawa, pa bampu ya pafupi ndi pokwerera mabasi, njingayo inawagwetsa. Kutsogolo kunagunda gwa, ngati mulibe sipuling'i, mahandulo n'kuwapulumuka m'manja, iwo khu m'mbali mwa msewu. Sanavulale kwenikweni. Bondo linasupuka, thalauzi inang'ambika, kalilole wa kumanzere anasweka. Koma anthu, abale inu! Nkhani inakafika kwa mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, iwo asanamalize n'komwe kusasa fumbi.

Namwinoyo anafika kunyumba akupuma mwamphamvu. Anatsuka bondo, anamata bandeji, kenaka anatenga kiyi wa njinga pa msomali wa kuseri kwa chitseko n'kumuponya m'chikwama chake.

"Iwe, kiyiyo akupita kuti?"

"Akupita kokapuma, bambo. Inunso mupume."

"Foloko yauma, miyendo yogwira gudumu la kutsogolo ija. Ine ndagwa chifukwa cha foloko, osati china."

"Bambo, njinga ilibe mlandu. Manja anuwa ndi amene atopa. Ndimakuonanitu mukamamanga mabatani."

A Mawotchi anapsa mtima. Manja ati? Manja amene ankabweza kasipuling'i kochepa ngati tsitsi m'malo mwake osapuma? Inde, dzanja lamanja linali litayamba kuchita ulesi, makamaka m'mawa, ndipo kapu ya tiyi masiku amenewa ankaigwira ndi manja awiri. Koma kumeneko kunali kuzizira chabe. Munthu aliyense kukazizira amatero.

Anakangana mpaka tiyi anazizirira patebulo. Mapeto ake namwino, amene anatengera makani kwa bambo ake omwewo, ananena mawu omaliza.

"Chabwino. Pitani nayo kugalaja kwa akamwini anu. Akapeza vuto m'folokomo, loti nane ndilione ndi maso angawa, kiyi ndikubwezerani ndi manja awiri. Koma musadzandiuze kuti yangouma basi. Njinga yakale iliyonse njouma. Akapanda kupeza kanthu, bambo, mwatsika, ndipo nkhani yatha."

Taonani mmene dziko limatembenukira. Zaka zonsezi a Mawotchi ankadzitama paliponse kuti njinga yawo sinakhudzidwepo ndi makaniko, ndipo ilibe kachilema ngakhale kamodzi. Tsopano munthu yemweyo anayenda pambali pake, akamwini akuikankha, akupempha mumtima kuti ipezeke ndi chilema.

Mkamwiniyo anali munthu wamkulu thupi, wosalankhulalankhula, woti akamaganiza amatafuna kamtengo ka machesi. Galaja yake inali ya malata, pansi pali bii ndi oyilo wa zaka zambiri. Pakhoma panali masipanala opachikidwa motsatana misinkhu, pakona mulu wa matayala otha, pawindo wailesi yopanda chotsegulira imene ankaiyatsa ndi pulayala. Anawapukutira apongozi ake mpando, n'kuika katoni pansi kuti nsapato zawo zisade.

"Khalani apa, bambo."

"Sindinabwere kudzakhala, akamwini. Ndabwera kudzaona mukuchita chiyani ndi njinga yanga."

Mkamwini anangomwetulira. Anaima pambali pa njinga, anagwira buleki, n'kukankhira mahandulo pansi ndi thupi lake lonse. Foloko inalowa pang'ono monyinyirika, n'kukakamira pomwepo. Anaikoka, inabwerera modukizaduka.

"Mwaona? Mwaonatu?" anatero a Mawotchi.

"Kuuma yaumadi, bambo. Koma amayi a kunyumba andiuza kuti akufuna choona ndi maso. Andichenjezanso kuti ndikakukonderani ndikagona m'galaja muno."

"Ameneyo ndinamulera ndekha, koma sindikudziwa anatengera ndani."

Mkamwini anangotafuna machesi ake.

Anayamba ndi zapafupi. Anayeza mpweya wa tayala, unali bwino. Anaika chipika pansi pa injini kuti gudumu la kutsogolo lilendewere, n'kutembenuza mahandulo uku ndi uku kumvetsera ngati pakhosi pa njinga pakugwira. Panali myaa. Kenaka anati achotse gudumulo. Anaika sipanala pa nati wa ekiselo, chitsulo chija chimene chimapyoza pakati pa gudumu n'kugwira miyendo iwiri ya foloko. Anakoka, nati osasuntha. Anakokanso mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Pomaliza anachita kuponda sipanala ndi phazi, natiyo n'kulira kwee.

"Amene anamanga apa anali atakwiya," anatero akupukuta thukuta.

A Mawotchi anayang'ana kuwailesi ngati mukunenedwa nkhani yofunika.

Gudumu litachoka, mkamwini anatsegula timabawuti ta kumunsi kwa miyendo ya foloko kuti oyilo atsikire m'chitini. A Mawotchi anasendera pafupi. Oyilo akakhala wakuda, wolimba ngati phala, ndiye kuti mlandu wapezeka ndipo kiyi wabwerera. Koma oyilo anatuluka woyera, wofiirira bwino, wothamanga. Mkamwini anamupaka pakati pa zala, anamununkhiza, anamuthira m'kapu yoyezera, mwendo uliwonse paokha.

"Oyilo ali bwino, ndipo ngwokwanira ndendende mbali zonse. Munathira nokha?"

"Nanga angathire ndani?" anayankha a Mawotchi monyada. Kunyadako sikunakhalitse, chifukwa anakumbukira kuti lero kuyamikiridwa si phindu.

Anasolola masipuling'i n'kuwagoneka pabenchi moyandikana. Anali ofanana kutalika, opanda pothyoka, opanda dzimbiri. Mkamwini anawafinya ndi manja, anabwerera mokondwa. A Mawotchi anawayang'ana ndi diso loipa, mmene umayang'anira mboni imene waibweretsa wekha ikayamba kuikira kumbuyo mnzako.

"Mwina mapaipi anapindika," anatero. "Ndinagundapo dzenje nyengo ya mvula. Dzenje lalikulu zedi, akamwini. Galu akanatha kugonamo."

"Tiona, bambo."

Mkamwini anamasula mapaipi awiri onyezimira amene amalowa ndi kutuluka m'miyendo ya foloko. Kuseri kwa chitseko anatulutsako galasi lochindikala la tebulo lakale, analipukuta ndi malaya ake, n'kuligoneka pabenchi. Galasi silinama, anatero. Paipi yopindika ukaigubuduza pagalasi imayenda motsimphina, ndipo kuwala kumadutsa pansi pake. Anagubuduza yoyamba. Inayenda mwakachetechete mpaka kumapeto. A Mawotchi anawerama, diso limodzi atatsinzina ngati masiku a ntchito yawo, kufunafuna kampata ka kuwala. Panalibe. Yachiwirinso chimodzimodzi.

"Gubuduzaninso."

Anagubuduzanso. Mapaipi anali owongoka ngati angochoka kumene kufakitale.

Apa a Mawotchi anakhala pampando uja osauzidwa. Mantha anawagwira, mantha enieni. Njinga imeneyi siinali yongoyendera ayi. Inali yowatulutsa m'nyumba imene inakula kwambiri chimwalirireni akazi awo. M'mawa uliwonse ankailiza, kupita kokagula nyuzi, kukaima pakhonde la sitolo lija kucheza ndi telala amene anatenga malo awo, n'kubwerera njira yaitali dala. Popanda njinga akanakhala nkhalamba ya pawindo, yodikira kuti wina aikumbukire. Anayang'ana zitsulo zili mbwee pabenchi, zonse zoyera, zonse zabwino, ndipo kwa nthawi yoyamba anadana ndi ukhondo wawo womwe.

Kunja dzuwa linali litafika pamutu. Mayi wogulitsa zipatso anadutsa akuitanira malonda, basi inaliza hutala pakona, wina m'sitolo yoyandikana ankakhoma chitsulo mosalekeza. Mkamwini anawiritsa madzi pa kachitofu, anawapangira apongozi tiyi, ndipo anayang'ana kumbali pamene iwo ankalandira kapu ndi manja awiri.

Atamwa, anayamba kubwezera zinthu. Analowetsa paipi iliyonse m'mwendo wake n'kuiyesa ndi dzanja, kukankha ndi kukoka. Inkatsetsereka ngati sopo m'madzi. Anabwezera masipuling'i, anathira oyilo, anamangirira foloko panjinga. Anakankha mwendo wa kumanja kuchokera pansi, unalowa n'kubwerera. Wa kumanzere nawonso. Anaima, machesi ali pakamwa osatafunidwa.

"Bambo, pali chodabwitsa apa. Mwendo uliwonse paokha ulibe vuto. Ikuuma ikakhala pamodzi, gudumu lili pakati."

Anatola ekiselo ija pansi, anaipukuta ndi kansanza, n'kupita nayo pakhomo pomwe panali kuwala. Anaitembenuza pang'onopang'ono. Kenaka anawakodola apongozi ake.

"Taonani apa. Mbali iyi kuli nati. Mbali inayi mwendo umangoikumbatira ekiselo, n'kumangidwa ndi kabawuti kakang'ono. Mukuuona mzere wakudawu? Apa ndi pomwe mwendo wakhala ukugwira zaka zonsezi. Tsono onani mzere wina uwu, wowala, watsopano. Uli m'kati. Mwendo unamangidwa usanafike pamalo pake, ndiye nati atakokedwa mwamphamvu muja, miyendo iwiriyi inapanikizana. Kumwamba yatalikirana bwino, kumunsi yafinyana. Ingayende bwanji?"

Mpata wa mizere iwiriyo unali wochepa, wosaposa kuchindikala kwa chikhadabo. Koma kwa munthu amene anakhalira mawotchi, umenewo unali msewu waukulu. A Mawotchi anauona, ndipo mtima wawo unadumpha ngati wa mwana.

"Ndi chimenecho! Ndinanena ine! Muimbireni namwino wanuyo abwere ndi maso akewo!"

"Gudumuli linachotsedwapo posachedwa, bambo?"

"Ndinasintha tayala mwezi wathawu." Anakhosomola pang'ono. "Natiyo ndinachita kuwonjezera paipi kusipanala. Kuti agwire bwino."

"Oho," anatero mkamwini. Anangotenga foni.

Namwino anafika dzuwa litapendeka, akadali mu yunifolomu, nsapato zoyera akuzilumphitsa madontho a oyilo. Mwamuna wake anamuonetsa ekiselo pakhomo paja. Anamuonetsanso zenizeni: analowetsa gudumu, anakankhira mwendo pamzere watsopano, foloko n'kuuma gwa. Anaubwezera pamzere wakale, foloko n'kufewa. Namwino anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali kuti aone ngati pali chinyengo, koma munthu uja kunama sankakudziwa, nkhope yake inkamuwulula msanga.

"Chabwino," anatero namwino. "Ndalakwa ndine."

Anatsegula chikwama, anatulutsa kiyi, anapinda maondo pang'ono n'kumupereka ndi manja awiri monga analonjezera. A Mawotchi anamulandira mwaulemu waukulu, koma pakamwa panakana kubisa chimwemwe.

"Ukapita kuchipatala kwanuko ukawauze kuti odwala ena amadziwa matenda awo okha."

"Ndamva, bambo. Musachite kundiimbira nyimbo." Foni yake inalira m'thumba, anatuluka panja kukayankha.

Mkamwini anamanga nati bwinobwino, ndi sipanala yokha, n'kuchotsa chipika kuti njinga iime pa magudumu ake. Kabawuti kakang'ono kaja anakasiya kosamanga. Panatsala chinthu chimodzi, chimene aliyense wodziwa njinga zoterezi amachita: kugwira buleki ya kutsogolo n'kuikankhira njinga pansi kangapo, kuti mwendo womasukawo utsetsereke wokha n'kukhala pomwe ukufuna, kenaka n'kumanga. Mkamwini akanatha kuchita yekha. Koma anali munthu waulemu, ndipo anafuna kuti mwini wake alawe kufewako poyamba.

"Bambo, njinga njanu. Gwirani buleki muinjanjitse, ine ndimange."

Ananjuta pafupi ndi gudumu, sipanala ili m'manja. A Mawotchi anaika kiyi m'thumba la malaya, anagwira mahandulo, anakulunga zala pa buleki, anafinya, n'kukankha.

Njinga sinalowe pansi. Inangoyenda kutsogolo, tayala n'kukagunda mwendo wa benchi.

Anaibweza. Anafinyanso, mano ali gwa. Anakankha. Inayendanso, mwakachetechete, ngati palibe amene waigwira. Chogwirira cha buleki chinali chitangofika pakati. Zala zinakana kupitirira pamenepo.

Mkamwini anaona. Mwachangu anaika phazi lake lalikulu kutsogolo kwa tayala.

"Pansi pano pamaterera, bambo, oyilo wachuluka. Kankhani tsopano."

A Mawotchi anakankha. Foloko inalowa mofewa, pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba, ikupuma ngati chifuwa cha munthu wogona. Mwendo unasendera wokha mpaka pamzere wakuda uja. Mkamwini anamanga kabawuti, anaimirira, n'kuyamba kupukuta masipanala amene anali oyera kale. Panja namwino ankaseka pafoni, atafulatira. Sanaone kalikonse.

Koma pansi sipankaterera ayi, ndipo a Mawotchi ankadziwa. Anakhala chigwirire mahandulo. Mwambo wonjanjitsawu ankaudziwa bwino, anauchita nthawi iliyonse imene anachotsapo gudumu chigulireni njingayi. Nanga mwezi wathawu anaulumphiranji? Tsiku limenelo anayesa, njinga n'kuwathawira kukagunda khoma la kuseri kwa nyumba. Anadziuza kuti n'zosafunika kwenikweni, anamanga kabawuti pomwepo, n'kukatenga paipi kuti alipirire ndi mphamvu. Ndipo pa bampu paja, asanagunde, anafinya buleki. Anafinyadi. Njinga sinachepetse liwiro ngakhale pang'ono. Foloko inangomalizitsa zimene dzanja linayamba. Tsiku limenelo kutsogolo kunali bampu. Pokwerera mabasi paja pamawoloka amayi obereka ana kumsana, osayang'ana n'komwe.

Anayang'ana dzanja lawo. Linali dzanja lomwe lija, la zikhadabo zowengedwa bwino, la kachipsera ka pachala chachikulu. Anamva chisoni chachikulu, choti akanakhala okha akanalira.

"Akamwini."

"Bambo."

"Phazi lanulo simungamayende nalo patsogolo panga tsiku lililonse."

Mkamwini anachotsa machesi pakamwa. Anafuna kunena kanthu, za kufewetsa waya wa buleki, za kudzoza mafuta, koma anaona nkhope ya apongozi ake n'kungoweramitsa mutu.

Namwino analowa akubweza foni m'thumba. "Ndiye mwatha? Bambo, muyende pang'onopang'onotu, ndipo chisoti muzimanga, osangochiika pamutu ngati chipewa."

"Iwe, njinga ukuikumbukira kayendetsedwe kake?"

"Ine? Si munandiphunzitsa nokha pabwalo la mpira, mukundikalipira mpaka ndinalira? Bwanji?"

A Mawotchi anapisa m'thumba la malaya ndi dzanja lamanzere, anatulutsa kiyi n'kumuika m'dzanja la mwana wawo, n'kupinda zala zake pamwamba pake.

"Ukandisiye kunyumba."

Namwino anayang'ana kiyi, anayang'ana bambo ake, anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anali kalikiliki kusanja masipanala pakhoma. Namwino anatsegula pakamwa kuti afunse, koma pantchito yake anaphunzira kuti pali nthawi yofunsa ndi nthawi yongolandira. Maso ake anadzaza misozi. Anatembenuka msanga, anakwinya yunifolomu, anapempha chisoti cha mwamuna wake, n'kuika phazi pa chitsulo cholizira injini.

"Osaiponda ngati ukupha njoka," anatero a Mawotchi. "Ufufuze kaye pomwe yalimba, kenaka utsike nayo ndi thupi lonse."

"Ndikudziwa, bambo."

"Ukudziwa chiyani iwe? Mafuta sunatsegule."

Inalira ulendo wachiwiri, du-du-du, malata a galaja n'kumanjenjemera. A Mawotchi anaima kaye pambali. Zaka zonsezi mpando wa kumbuyo anali asanaukhalepo. Anakweza mwendo movutikira, mkamwini atawagwira pachigongono ngati akungochotsa fumbi. Atakhala, dzanja lawo linafufuza pogwira, n'kupeza kachitsulo kopindika ka kumbuyo kwa mpando. Penti inali itatha pamalo amodzi okha, posalala, pomwe akazi awo ankagwira.

Anatuluka mumsewu. Kumbuyoko dziko linkaoneka lina. Munthu umatha kuyang'ana m'mbali, kuona zolembedwa pamasitolo, zovala zoyanikidwa pamakonde a m'mwamba, telala uja akutseka makina ake. Telalayo anakweza mutu, anadabwa, kenaka anakweza dzanja. A Mawotchi anamugwedezera mutu ngati zimenezi n'zamasiku onse.

"Giya! Sukumva ikulira? Sintha giya!"

"Bambo, mukapitiriza ndikutsitsani pompano."

"Amayi ako sankalankhula choncho."

"Amayi anali kumbuyo. Olongolola anali iwowo."

A Mawotchi anaseka, chifukwa zinali zoona.

Pokwerera mabasi panali anthu ambiri oweruka kuntchito. Mayi wina anawoloka ndi mwana kumsana, thumba kumutu, osayang'ana. Namwino anafinya buleki ndi zala ziwiri zokha, njinga n'kugwada pang'ono kutsogolo, mofatsa, mayiyo n'kudutsa osadziwa kanthu. Kenaka anafika pa bampu ija. Gudumu linakwera, foloko inameza, linatsika. Kumbuyo sikunamveke kugunda kulikonse.

"Wamva?" anafuula a Mawotchi m'khutu mwa mwana wawo. "Wamva mmene yamezera? Ndinakuuza ine kuti inali foloko!"

"Munanena zoona, bambo," anayankha namwino. "Gwiritsanitu, kutsogoloku kuli maenje."

A Mawotchi anasiya kachitsulo kaja, anakulunga manja onse awiri m'chiuno mwa mwana wawo, n'kugwira mmene dzanjalo likanathera.